Mpaka Diripu Ithe

Senderani kuno mumve, inu amene mumati za mizimu n'zopeka za ife osapita patali ndi sukulu. Iyi ndi ya chaka chimene napolo anatsika m'phiri, midzi ina n'kutsala dzina lokha. Amene anaiona ndi maso ambiri anatsogola, ndipo otsalawo palibe amawafunsa. Mumafunsa wailesi.

Anthu opulumuka anawasonkhanitsa pa sukulu ina ya pulayimale kumunsi kwa phirilo. Amayi ndi ana ankagona m'makalasi, abambo pakhonde, ndipo kalasi ya kumapeto anaisandutsa chipatala. Madesiki anawaunjika pakona, odwala n'kugona pa mphasa pansi pa bolodi lomwe linali likadali ndi masamu a ana. Mlatho unali utapita. Mafoni onse anali zii.

Mvula isanakate n'komwe, kunatulukira mayi Jelita Makwinja, wapansi, chikwama pamutu, nsapato m'manja. Anali namwino wopuma pa ntchito, wamfupi, wa mawondo otupa. Palibe anawaitana. Anangomva za ngoziyo, natseka chitseko chawo, nasiyira mnansi nkhuku. Ntchito imene anaigwira mpaka imvi inawatsanzika ndi kapu ya tiyi ndi sikono, koma iwo anabwerabe. Akuluakulu a mabungwe, a malaya olembalemba, nawonso anabwera, iwo pa helikopita. Anatera pa bwalo la mpira, anatsitsa makatoni angapo a mankhwala ndi mabotolo a diripu, anajambulitsa atanyamula makanda a eni ake, nanena kuti abweranso mawa. Mawa lawolo mukulidziwa.

Wowathandiza anesiwo anali a Waisoni Thipa, bambo wamtali wokonza njinga. Nyumba yawo inapita ndi madzi koma banja lonse linapulumuka, ndiye ankati Mulungu wawasiyira msana kuti azinyamulira anzawo. Ovulala ankawanyamula pa chitseko cha kalasi chomwe anachizula, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka.

"Anesi, ndabweretsa wina. Uyu mumubwezere mwendo, koma pakamwa mumusoke, wanditukwana njira yonse."

"Muikeni apo. Singano yosokera pakamwa ndasungira inu."

Tsiku lina a Waisoni anabwera ndi chitseko chija osanena nthabwala. Pamwamba pake panali mayi wachitsikana, matope thupi lonse, mutu utang'ambika pamwamba pa khutu. Anthu ofunafuna mitembo anamupeza atakodwa m'mabango kumtsinje, ndipo anali atamuika kale pa mzere wa akufa pamene wina anaona chala cha kuphazi chikugwedezeka. Anesi anamusambitsa, anamumeta pa bala, anasoka, namuika diripu. Botolo analikoleka pa msomali umene aphunzitsi ankakolekapo mapu.

Anthu a pa msasa anabwera mmodzimmodzi kudzamuona nkhope. Palibe anamudziwa. Mtsinjewo umachokera kuseri kwa phiri, ndiye anati mwina ndi wa midzi ya kumeneko. Chomudziwira chinalipo, chala chaching'ono cha dzanja la kumanzere chinali chodukira pa mfundo, bala lakalekale, koma kunalibe woti anene kuti ndi mwana wa uje. Anangomutcha Mlendo.

Poyamba zinkayenda. Maso sankatsegula, koma phala la madzimadzi ankameza pa supuni, ndipo anesi akamugwira dzanja ankafinya pang'ono. Mayi Jelita anali ataona odwala ambiri, ankadziwa munthu amene akubwerera. Uyu ankabwerera.

Kenaka dzuwa linatuluka, koyamba chichitikireni ngoziyo. Masana amenewo, anthu ali kalikiliki kuyanika zovala pa udzu, anesi anamva makasu. Sankamveka kubwalo. Ankamveka ngati akuchokera kutali, komanso ngati pansi pa simenti pomwe iwo anagwada. Khu, khu, khu, mosathamanga, mmene amakumbira adzukulu.

"A Waisoni, lero akuika ndani?"

"Lero kuno kulibe maliro. Taika dzulo."

"Nanga makasuwo?"

A Waisoni anatchera khutu. "Ine ndikumva m'mimba mwangamu basi."

Makasu atasiya, anesi anacheuka. Mlendo, amene ankagona chammbali atapinda mawondo, tsopano anali chagada, miyendo yowongoka, mapazi pamodzi, manja m'mbali, ngati pali wina amene wamukonza. Anamugwira pamphumi. Sanatenthe. Anali wozizira ngati mtsuko. Anayang'ana bala, linali loyera bwinobwino. Mtima unkagunda, koma mwaulesi, ngati munthu amene akuyenda kwinaku akucheuka. Anamupinda miyendo, namutembenuza. Atapita kukamanga bala la wina n'kubwerako, anamupeza wawongokanso.

M'mawa mwake munali dothi m'zikhadabo zake. Anesi anali atamuwenga okha zikhadabozo, ndipo munthuyo sanadzuke pa mphasa. Dothilo linali lofiira, la katondo, pamene pa sukulupo ponse panali matope akuda a kudambo. Anachotsa ndi kamtengo ka machesi. Tsiku lotsatira linalimonso, ndipo lina linali m'makutu.

Kapu yake ya pulasitiki inasowa. Supuni inasowa. A Waisoni anayenda kalasi ndi kalasi kukalipa kuti munthu wobera wodwala kapu ndiye kuti napolo anamusiya molakwitsa, koma kapu sinapezeke. Ndipo bulangete la Mlendo linkanyowa. Sunali mkodzo, sanali madzi a diripu. Anali madzi onanda, a fungo la kudimba, ndipo akauma ankasiya mawanga akuda ofiirira amene sopo sankachotsa. Phala anasiya kumeza. Chomwe chinkamusunga ndi kapaipi ka diripu kolowa pa mkono.

Madzulo ena a Waisoni anachokera ku mjigo ndowa ili theka, madzi ena atatayikira m'njira. Anaika ndowayo pansi nakhala pa desiki.

"Mwakumana ndi apongozi?" anafunsa anesi.

"Ndakumana ndi anthu pamsewu."

"Pamsewu pamayenda anthu."

"Awa zovala zawo n'zouma, anesi, zopanda ndi kadontho komwe ka matope. Ndani ali ndi zovala zotero dera lino? Andipatsa moni waulemu, nandifunsa njira ya ku msika wa thonje."

Mayi Jelita anali atamva kwa okalamba a pa msasapo kuti pamalo pamene pali sukulupo kale ankagulirapo thonje, makolo a a Waisoni asanabadwe.

"Anali angati?"

"Ndikayang'ana ndimaona atatu. Ndikaphethira ndimaona asanu. Nkhope sindinazione, ngakhale kunali kusanade. Koma wakutsogolo ananyamula kapu. Yobiriwira, yong'aluka pa chogwirira."

"Mwawalozera?"

"Dzanja linaloza lokha."

Mawa lake, dzuwa litangolowa, kukadali kachisisira, achule a kudambo anasiya kulira onse pamodzi. Agalu a pa msasa, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, analowa pansi pa madesiki. Amayi anakokera ana m'makalasi osawauza chifukwa. Palibe anathawa, palibe anakuwa. Kungoti munthu aliyense anapeza chochita choyang'ana kumbali.

Pansi pa mtengo wa mango kumalire a bwalo panaima anthu.

"Odi, mayi."

Liwulo silinali lokweza, koma linafika m'kalasi ngati wolankhulayo ali pakhomo. Mayi Jelita anatsala pang'ono kuyankha kuti lowani, mmene pakamwa panazolowerera. Analuma lilime. Anapukuta manja pa epuloni, natuluka mpaka pa sitepe ya khonde.

"Ndikumva. Zikomo."

"Pepani tabwera pa nthawi ya ntchito. Tadzatenga mwana wathu."

"Mwana wanu uti?"

"Amene mukusunga. Kwawo anamuperekeza kale, analira, anatsanzika. Ife nyumba tamukonzera, ziwiya zake zafika. Koma chimene anatipatsa, tikachiitana sichiyankha. Ndiye tafufuza, tamva kuti mwini wake ali kuno."

Anesi anafuna kupemphera koma mawu a pemphero anabalalika. Chimene chinatsala m'mutu mwawo ndi ntchito, imene anaigwira zaka zonse zija m'mawodi, kukangana ndi abale a odwala ofuna kuthawitsa munthu kupita naye kwa sing'anga. Ndiye analankhula mmene ankalankhulira kwa amenewo.

"Amene ali muno ndi wodwala wanga, ndipo ali pa diripu. Ine chiyambireni ntchito sindinatulutsepo munthu botolo lisanathe. Ngakhale atabwera bambo ake omubereka."

Pansi pa mango panamveka kunong'onezana, ngati masamba ouma akukhudzana.

"Ndi lamulo la pakhomo panu?"

"Ndi lamulo."

"Ife lamulo la pakhomo pa eni sitiphwanya. Tidikira lithe."

Mdima utagwira, pamtengo paja panalibe munthu, ndipo achule anayambiranso. Anesi analowa, nakhala pansi pomwepo pakhomo. A Waisoni anali ataima pafupi ndi Mlendo, atagwira nyali, akuyang'ana bulangete. Kenaka anayang'ana malaya awo.

"Anesi, taonani phewa langali."

Pa phewa la malayawo panali mawanga akuda ofiirira, ofanana ndendende ndi a pa bulangete.

"Awa ndinawatenga tsiku lija tinaika mwana wa a Likaka. Mwanayo sanapezeke, ndiye tinaika thunthu la nthochi. Ndinalinyamula ndine. Uwu ndi utomoni wa nthochi."

Ana inu mwina simudziwa. Munthu akapita ndi madzi, mtembo osapezeka, abale sangakhale chikhalire ndi maliro osaika. Amadula thunthu la nthochi la msinkhu wake, kulikulunga m'nsalu yake, kulilira, kulitchula dzina lake, n'kuliika m'manda ngati munthu. Pamwamba amasiyapo kapu yake ndi mbale. Chaka chimenecho nthochi zambiri zinalowa m'manda, ndipo palibe amene angawanene anthuwo. Anadikira, anafunafuna, anatopa.

"Ndiye kuti kwawo amuika," anatero anesi. "Munthu ali moyo."

"Amuika bwinobwino, ndi nyimbo zomwe."

"A Waisoni, miyendo yanu yaitaliyo Mulungu anakupatsani kuti muzitani nayo?"

"Ndimadziwa kuti zifika pamenepo."

"Mutsate mtsinje. Mudzi uliwonse muzifunsa amene aika nthochi m'malo mwa mayi wachitsikana woduka chala chaching'ono. Mukawapeza, akafukule."

"Kufukula manda? Akandidula makutu."

"Mukabwera nawo m'thumba, ndidzasoka."

A Waisoni anaseka, koma kuseka kwawo kunali kouma. Kutangocha ananyamuka ndi ndodo ndi chinangwa chophika, nalowera kumtunda, kumene njira zonse zinali zitasanduka miyala ndi maenje.

Tsopano anesi anatsala ndi katoni. Nzeru yawo inali yakuti botolo lisathe. Madzi akatsala pang'ono pansi, ankatseka kagudumu ka pa paipi, kuzula, kubaya botolo latsopano, n'kutsegulanso. Lakale lija ankaliika pakona likadali ndi timadzi take. Botolo silinathepo, ndiye lamulo silinaphwanyidwe.

Madzulo otsatira alendo aja sanaime pa mango. Anaima pa mtengo wa mbendera, pakati pa bwalo.

"Odi, mayi. Latha?"

"Likadalipo."

"Botolo lanu ndi lalitali."

"Mankhwala a masiku ano ndi otero."

"Tidikira."

Sanakwiye. Ukali ukanakhala bwino, munthu umadziwa pogwira. Koma awa ankangodikira, ngati anthu amene alibe kwina kofulumirira.

Masana anesi ankayang'ana kumwamba. Kukamveka kalikonse kolira, ana ankathamangira ku bwalo la mpira, koma inkakhala mphepo chabe. A malaya olembalemba aja anali m'tauni, m'mahotela, kuchita misonkhano yokambirana za ife. Katoni inkapepuka. Ndipo odwala sanali Mlendo yekha. Madzi a pa msasa anali oipa, anthu anayamba kutsegula m'mimba. Ambiri anesi ankawapatsa madzi a mchere ndi shuga, nachira. Koma m'mawa wina mayi wina anabwera ndi mwana wake wamkazi pamsana, maso atalowa, khungu likatsinidwa osabwerera, chilichonse akamwa akusanza.

M'katoni munali mabotolo awiri.

Mayi Jelita anaima nthawi yaitali atagwira katoniyo. Anayang'ana Mlendo, wowongoka pa mphasa yake, dothi lofiira lili m'mphepete mwa milomo. Anayang'ana mwanayo. Kenaka anatukwana pang'ono, chinthu chimene sankachita, natenga botolo limodzi, nafunafuna mtsempha pa kadzanja ka mwanayo. Pofika masana mwanayo anali akulira, kulira kwamphamvu kofuna bere. Lotsala lija analibaya kwa Mlendo, nakhotetsa kagudumu mpaka dontho lililonse linkalendewera, kulendewera, lisanagwe.

Madzulo amenewo alendo anaima pa sitepe ya khonde. Abambo amene ankagona pakhondepo anali atasamukira kuseri osauzidwa ndi munthu.

"Latha?"

"Likadalipo."

"Taona katoni mwaitaya kudzala, mayi."

Anesi anabwerera m'kalasi.

Tsiku lotsatira linali lalitali. A Waisoni kunali zii. Mwina anagwera m'phompho, mwina anamangidwa ndi anthu okwiya, mwina mudziwo unapita wonse, otsala n'kubalalikira kwina. Anesi ankatsuka mabala, kugawa mapilitsi, kukalipira amayi osawiritsa madzi, koma maso ankabwerera pa msomali paja. Madzi a m'botolo anatsika kuchoka pa msinkhu wa chala chonse kufika pa mfundo, kuchoka pa mfundo kufika pa chikhadabo. Anaganiza zothiramo timadzi totsala m'mabotolo akale aja, koma anadziwa kuti angamuphe ndi tizilombo, aja asanamutenge n'komwe. Anaganiza zotsekeratu kagudumu kuti dontho lisagwenso. Anayesa. Mtima wa Mlendo unayamba kuzimirira pansi pa zala zawo, ndipo anatsegulanso msanga.

Dzuwa linapendeka. Linafiira. Anesi anakoka mphasa nakhala pafupi ndi Mlendo, namugwira dzanja lija loduka chala.

"Iwe mwana, sindikudziwa dzina lako, koma undimvere. Ine ndasiya nkhuku zanga kwa munthu wakuba mazira chifukwa cha iwe. Usandichititse manyazi."

Achule anasiya. Odwala onse m'kalasimo anatembenukira kukhoma, ngakhale a miyendo yothyoka. Mayi wa mwana uja anaphimba mwana wake kumutu ndi chitenje. M'kalasimo munalowa fungo la dothi longokumbidwa kumene, ndipo kuwala kwa pakhomo kunachepa, ngati paima anthu ambiri. Pakhomopo panalibe chitseko, chinali chija chonyamulira odwala. Anesi sanadzutse mutu. Anangoona m'mphepete mwa diso kuti pa simenti pali mapazi, otuwa, opanda nsapato, zala zake zitafika pa mzere weniweni wa khomo.

"Odi, mayi."

Dontho linagwa. Linatsatira lina. Kenaka botolo linaphwa, n'kukhwinyata.

"Latha."

"M'paipimu mukadali madzi," anatero anesi. "Amenewonso ndi mankhwala. Boma linagula."



"Ndi zoona. Tidikira."

Madzi a m'kapaipi anayamba kutsika. Anesi ankawaona bwinobwino, kamzere kowala kakutsetsereka kulunjika pa mkono. Anatsitsa botolo pa msomali naligwira m'munsi kuti madzi asathamange. Kamzereko kanachedwa, koma sikanaime. Dzanja la Mlendo linali lolemera, lonyowa, loterera ngati khungwa. Phazi limodzi la pakhomo lija linanyamuka.

Ndiye makasu anamveka.

Sanali aja a tsiku loyamba, odekha aja. Awa anali a chipwirikiti, ogundana, khasu kumenya khasu, ndipo mkati mwake munkamveka anthu akupuma mwawefuwefu ndi kukangana. Phokoso la anthu amoyo. Linkachokera pansi pa simenti, komanso kutali, kuseri kwa phiri. Phazi lija linabwerera pamalo pake. Pakhomo panamveka kunong'onezana kuja, tsopano kofulumira.

Makasu anasiya. Panamveka ngati nsalu ikung'ambidwa. Kenaka liwu la mayi wachikulire, losasa ndi kulira, laling'ono ngati likudutsa m'bango.

"Lufina! Iwe Lufina! Tuluka m'menemo, si mwako!"

Chifuwa cha Mlendo chinakwera. Anatsokomola, natsokomolanso, nalavula dothi lofiira pa epuloni ya anesi. Miyendo inapindika yokha. Zala zinafinya dzanja la mayi Jelita mpaka kuwawa.

"Wee, amayi," anatero, mawu ngati a munthu wodzutsidwa kutulo. Anatsegula maso, nayang'ana bolodi, nayang'ana anesi. "Madzi."

Anesi anatunga m'ndowa ndi chivindikiro cha botolo la mankhwala, namudonthezera pakamwa. Anameza. Anafunanso ena.

"Pepani, mayi," linatero liwu la pakhomo. Tsopano linkamveka kutali, ngati la munthu amene watembenuka kale. "Anatisokoneza ndi a kwawo. Gwirani ntchito."

"Muyende bwino," anayankha anesi, poti munthu sungasiye kuyankha.

Kuwala kwa madzulo kunabwerera pakhomo. Bambo wina wothyoka mwendo, akadali choyang'ana kukhoma, anafunsa chapansipansi ngati angatembenuke tsopano, poti mbali imeneyo yachita dzanzi.

A Waisoni anafika patapita masiku, masana, akutsimphina, nsapato imodzi yomanga ndi luzi. Pambuyo pawo panali mayi wachikulire wowonda, wometa mpala wa maliro, ndi bambo wa chipewa amene ankayenda choweramitsa mutu. Anthu a pa msasa anawazungulira, ndipo a Waisoni, pakamwa pawo patabwerera, anafotokoza asanakhale n'komwe pansi.

Mudziwo anaupeza movutikira, ndipo atanena za chala choduka, mayiyo anagwa pansi. Koma a chipewawo, a Mukhwapa, amene ndi malume ake a Lufina komanso mwini mbumba, anakana. Anati manda safukulidwa, ndipo munthu wobwera ndi nkhani yotere ndi wamisala kapena mfiti. Anakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka mayiyo anangolowa m'nyumba ya mnansi, natenga khasu, nalunjika kumanda yekha, kumene mkazi sakumba. Adzukulu anachita manyazi, namutsatira.

"Ndipo a Mukhwapa ndi amene anakumba kuposa tonse," anatero a Waisoni. "Ndinene zoona."

"Ndinkafuna nditsimikize kuti ndinu wabodza," anatero a Mukhwapa, osadzutsa mutu.

A Waisoni anapitiriza. "Titamasula nsalu, anesi, thunthulo linali lofunda. Lofunda ngati munthu. Ndipo chapakati pake panali kabowo kakang'ono, kakudontha madzi oyera. Tinalidula zidutswazidutswa n'kukalitaya kudimba kumene linachokera. Dzenje tinakwiriramo miyala."

Mayi Jelita anangogwira mayi wachikulireyo pa mkono nalowa naye m'kalasi.

Lufina anali atakhala tsonga, atatsamira khoma, mutu uli ndi bandeji, akudya phala yekha ndi supuni yobwereka. Amayi ake anaima patali. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anawerama, natola kadothi pansi, namuponyera pa mwendo. Kadothiko kanagunda n'kugwa, mmene kamagwera pa munthu wamoyo.

"Amayi, mukundigenda chifukwa chiyani?"

Apo mayiyo anagwada, namukumbatira, namugwira makutu, mapewa, chala chija, akulira mopanda mawu. A Mukhwapa anavula chipewa naima pakhomo, akusisita mphuno. Mayi ndi mwana analira nthawi yaitali, ndipo palibe anawaletsa.

Atatopa, Lufina anawayang'ana amayi ake kumutu.

"Tsitsi mwameteranji?"

"Tinameta pa maliro ako."

"Anthu anabwera?"

"Anadzaza. Ndi a kutsidya omwe. Mbuzi yako ija tinapha."

"Yanga ija ya mawanga? Yonse?"

"Nanga anthu akanadya chiyani?"

Lufina anaika supuni pansi. "Ndiye simunandisungireko ngakhale kachiwindi?"

Woyamba kuseka anali bambo wothyoka mwendo uja. Kenaka mayi wa mwana, kenaka a Waisoni, kenaka a pakhonde amene sanamve n'komwe, mpaka a Mukhwapa anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Pa msasa paja anthu anali asanaseke chotero chitsikireni napolo.

Mayi Jelita anakhala pa desiki ya mwana wa sukulu, akuseka, misozi ikutsikira m'makwinya. Kenaka anapukuta m'maso ndi ngodya ya epuloni, nasisita mawondo, naimirira.

"A Waisoni, mwapuma mokwanira. Kaitaneni wotsatira."